Nkhalamba Ikagona

Ku Chiromo dzuwa likafika paliwombo ngakhale mbuzi zimasiya kudya. A Sebastiano nawo ankayala mkeka pansi pa mtengo wa masau, n'kuphimba nkhope ndi chipewa, mudzi wonse uli zii. Imeneyo ndiyo inali nthawi ya Jesinta, mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo.

Ankatseka chitseko cha kuchipinda n'kuika mawailesi awiri a kaseti pampando, moyang'anizana. Imodzi inali ya bambo akewo, inayo yobwereka kwa mayi ake aang'ono, a Esinala. M'wailesi yoyamba munkalira gitala la Elisha. Yachiwiriyo Jesinta ankaidina batani lofiira, n'kugwada pakati pa ziwirizo, n'kuyamba kuimba chapansipansi. Motero gitala lojambulidwa ku Bangula ndi mawu a ku Chiromo zinkakumana pa kaseti imodzi, eni ake asanaonane.

Elisha anali mnyamata wa Chimang'anja wa kwa Katunga, wokhala kwa mlongo wake ku Bangula, kutsidya kwa Shire. Ankapeka nyimbo osati kuti adyerepo, koma chifukwa zinkamuyabwa mumtima. Vuto linali mawu. Iye mwini ankavomereza kuti akatsegula pakamwa achule a m'dambo amamuyankha ngati mbale wawo. Tsiku lina pa ukwati wa ku Bangula anamva Jesinta akutsogolera nyimbo, ndipo kuyambira pomwepo nyimbo zake zonse zinapeza mwini. Makaseti ankayenda ndi a Esinala, pansi pa dengu la milamba yowamba imene ankakagulitsa kumsika. Jesinta anatumizanso kansalu kofiira kong'amba ku chitenje chake, Elisha n'kukamangirira pakhosi pa gitala.

Amalume ake a Elisha anabwerapo kudzafunsira mbeta, koma a Sebastiano anawabweza madzi akumwa asanatsike kukhosi. Anati Amang'anja amatenga mkazi ndi nkhuku imodzi, pamene kwa Asena mwana wamkazi amalowoledwa ndi chuma, ndiponso woimba gitala mimba yake imalira kuposa nsambo. Chifukwa chenicheni sanachitchule. Iwo anabadwira kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki, ndipo ngakhale anakalambira kuno ankagonabe khutu lili kunja. Ankafuna mkamwini wa chipani woti aziwatchinga. Mkamwini woteroyo analipo kale, akungoyembekeza: Geresomo, mlembi wa achinyamata a chipani, wa malaya ofiira ositidwa mpaka kuthwa.

Pa kaseti yatsopano Elisha anasiya mpata pakati pa nyimbo, akungong'ung'udza. Kumapeto analankhula yekha. "Ndine Elisha wako wa ku Bangula. Pamene ndang'ung'udza paja uikepo mawu ako, a chilankhulo chimene umalotera."

Jesinta anasuzumira pazenera, n'kuona chipewa cha bambo ake chikukwera ndi kutsika. Anaseka yekha. Mpata uja utafika anaimba m'Chisena: "Nkhalamba ingagona, tinadzalonga." M'Chisena kulonga ndi kulankhula, basi. Iye ankatanthauza zimene zinali pamaso pake: nkhalamba ikagona, tidzalankhulana. Mzerewo unakhala bwino kwambiri moti anaubwereza katatu. Ndipo nyimbo itatha sanadine batani loimitsa. Anafuna kuti mawu a Elisha aja akhale pafupi ndi ake, choncho anawasiya kuti nawonso alowe pa kaseti yatsopanoyo. Tsiku limenelo anasesa pabwalo akuvina. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

* * *

Mawa lake a Esinala anabwerera dzuwa lisanapendeke, dengu likadali lodzaza. Mayi amene sankabwerera ndi mlamba ngakhale umodzi. Anamukokera Jesinta kuseri kwa nkhokwe.

Pamlatho panali achinyamata a malaya ofiira akuona makadi a chipani. Kadi a Esinala anali nayo, yatsopano. Koma Geresomo sanaiyang'ane n'komwe. Anapisa dzanja pansi pa nsomba ngati munthu wodziwa pamene anasiya chinthu chake, n'kutulutsa kaseti, n'kuiika m'thumba la malaya. Anawauza kuti apite bwino, ndipo anawatchula kuti apongozi.

"Mwananga, munaimbamo chiyani m'menemo?"

Jesinta anayankha kuti za chikondi zokhazokha. Mantha ake panthawiyo anali aang'ono, a mwana wamkazi: kuti bambo ake amva kuti amawatchula nkhalamba m'nyimbo, ndi kuti wailesi yawo imamaliza mabatire pa mnyamata amene anamukana. A Esinala anapukusa mutu. Anati Geresomo akanafuna kukanena kwa bambo ake sakanamwetulira chomwecho.

* * *

Geresomo anamupeza Jesinta akuchokera kuchigayo, thumba la ufa lili pamutu, pamalo pamene njira imadutsa pakati pa bango. Iye anali ndi wailesi paphewa. Anamupatsa moni waulemu, n'kudina batani. Gitala la Elisha linalira motsitsa, kenaka mawu ake a Jesinta, oyera ngati madzi a pamjigo. Nkhalamba ingagona, tinadzalonga. Geresomo anabweza kaseti, n'kuuseweranso mzere womwewo.

Jesinta anati ngati akufuna kukawauza bambo ake, akawauze. Akalipidwa, mwina amenyedwa, koma zidzatha.

Geresomo anaseka pang'ono. "Ine Chisena ndinayamwa, Jesinta. Ndikudziwa kuti ukunena madala ako ndi tulo tawo ta masana. Koma anthu amene amabwera pa galimoto yopanda chizindikiro aja ndi akumtunda. Iwowo akamva kugona kwa nkhalamba amamva maliro. Akamva kulonga amamva kulonga ufumu. Ndiye adzafunsa kuti nkhalamba yake iti, ndipo mukufuna kulonga ndani ikagona."

Thumba la ufa linalemera mwadzidzidzi. Zaka zimenezo aliyense ankadziwa kuti mwini dziko ndi wokalamba, ndipo aliyense ankadziwa kuti zimenezo sizinenedwa. Kufunsa za amene adzabwere pambuyo pake kunali kudzikumbira dzenje ndi lilime lako. Jesinta anayesa kunena kuti nyimboyo ndi ya chikondi, aliyense angamve, koma Geresomo anali atagwira kale batani.

Geresomo anathamangitsa kaseti mpaka kumapeto. Ndine Elisha wako wa ku Bangula. Dzina, ndi kumene amakhala, zonse zonenedwa ndi mwini wake. Dzina la Jesinta munalibe.

Kenaka analankhula mofatsa, ngati munthu wopereka thandizo. Anati iye safuna kuti mnyamata wa eni ake akathere kumene anthu sabwerako chifukwa cha kanyimbo. Akwawo abwera ndi chuma kwa a Sebastiano Loweruka. Jesinta akavomera, kasetiyo adzaiponya mu Shire iye akuona. Akakana, iye ndi munthu wa chipani, sangasunge chinthu choterocho m'nyumba osakachipereka. Anamuthandiza kukonza thumba pamutu, ndipo Jesinta anadana ndi zala zakezo kuposa mawu onse amene ananena.

* * *

A Esinala ndi amene anakonza zoti Jesinta ndi Elisha akumane kwawo, kuseri kumene ankawambira nsomba, poti utsi unkathamangitsa anthu achidwi. Elisha anafika nkhope ili gwa. Nkhani inali itawoloka kale mlatho, yakuti Jesinta anaima ndi Geresomo m'bango akumvera wailesi, ndipo mwamunayo anamugwira kumutu. Anafunsa ngati nyimbo zake tsopano zasanduka zosangalatsira a malaya ofiira. Anafunsanso ngati bambo ake alandira kale malowolo.

Jesinta anamusiya kuti amalize. Mtima unamupweteka kuti munthu amene akumufera angamuganizire zimenezo, koma panalibe nthawi yonyanyala. Anamufotokozera zonse, kuyambira pamlatho, ndipo anamuimbira mzere uja monong'ona, poti Elisha anali asanaumve.

Poyamba Elisha anaseka. Anati mzerewo ndi wokoma kuposa nyimbo yonse, ndipo mwana aliyense wa kuchigwa kuno amadziwa kuti kulonga ndi kulankhula. Kenaka anaubwereza yekha pang'onopang'ono, m'Chichewa cha kusukulu, ndipo kuseka kuja kunazima. Anakumbukira mphunzitsi wina wa kwa Katunga amene anangofunsa pamowa kuti kodi munthu angakhale zaka zingati. Mkazi wake ankaphikabe chakudya cha anthu awiri mpaka lero.

Elisha anakhala pachitsa. Anati awoloke Ruo usiku womwewo, onse awiri. Jesinta anamukumbutsa kuti kutsidyako kuli nkhondo, ndipo anthu akuthawa kuchokera komweko, ena opanda makutu. Elisha anati ndiye akawauze a Sebastiano, akachitire umboni kuti nkhalambayo ndi iwo. Jesinta anafunsa kuti ndani angamvere umboni wa munthu wobadwira ku Mozambiki. Akangotsegula pakamwa awafunsa za kwawo, n'kuwakweza galimoto yomweyo.

"Ndivomera za Geresomo," anatero Jesinta.

"Bola anditenge."

"Inu mukatengedwa ine ndidzakhala ndakuperekani ndi pakamwa panga. Mzerewo ndi wanga. Dzina lanu ndinalisiyamo ndine, chifukwa ndinkafuna kuti mawu anu akhale pafupi ndi anga." Misozi inatsika, ndipo sanainamizire utsi. "Ndimakukondani, a Elisha. Bola ndizidziwa kuti muli moyo kutsidyako, mukuimba ndi mawu anu oipawo."

Elisha anayesa kuseka koma zinakanika. Anamugwira dzanja nthawi yaitali, mpaka a Esinala anatsokomola kuseri kwa mpanda. Pochoka ananena kuti iye sakuvomereza, ndipo sadzavomereza, koma sanathe kunena chimene achite. Jesinta anamuyang'ana mpaka anakhota pa njanji.

* * *

Jesinta atawauza bambo ake kuti akwawo a Geresomo abwere, ankayembekeza kuti akondwa. A Sebastiano anangomuyang'ana, akupota fodya wawo. Anafunsa ngati wadwala. Anafunsanso chifukwa chake masiku ano masana amangokhala pakhonde osalowa kuchipinda. Jesinta anati m'nyumba mukutentha.

Loweruka alendo anabwera, manja anaombedwa, mbale yophimba ya malowolo inalandiridwa. Jesinta anagwada pamene anauzidwa kugwada. Atapeza mpata anamufunsa Geresomo za kaseti, ndipo iye anati asadandaule, ili pabwino, adzaiponya tsiku la ukwati. Apo Jesinta anazindikira kuti wagula mphepo. Kasetiyo idzakhala m'nyumba mwawo moyo wake wonse, ngati chikwapu chopachika kuseri kwa chitseko.

Komabe anadzitonthoza kuti Elisha ali moyo. Ankadzuka nazo, n'kugona nazo.

Patapita masiku ochepa anapita kumjigo m'mawa. Atsikana anali pamzere ndi ndowa zawo, ena akuomba m'manja kuti nthawi ipite. Jesinta anatula ndowa yake, ndipo pomwepo anamva. Mmodzi anayambitsa, anzake n'kulandira onse pamodzi, akugwedeza m'chiuno.

"Nkhalamba ingagona, tinadzalonga."

Anaganiza kuti mutu wake wayamba kusokonezeka. Koma ayi, inali nyimbo yomweyo, ndi kakhotedwe komwe iye anakhotetsa mawu pa liwu lomaliza. Anagwira mtsikana wina pamkono n'kumufunsa kumene anaimva. Mtsikanayo anati kwa Lonely, mlongo wake wa a Geresomo. Anaipeza m'wailesi ya achimwene ake iwo atapita kumsonkhano, ndipo ankaiika pabwalo akamasinja ndi anzake. Anati ndi nyimbo yokoma zedi, ngakhale anyamata oyendetsa mabwato aigwira kale, dzulo ankaiimba powolotsa anthu. Anafunsa ngati Jesinta akumudziwa mayi woimbayo, poti mawu ake akufanana ndi a munthu wa konkuno.

Jesinta anabwerera ndowa ili yopanda madzi. Njira yonse ankaimva nyimboyo kumbuyo kwake, ndipo kutsogolo mwana wina woweta mbuzi ankaiimba mluzu. Kaseti ukhoza kuiponya mu Shire. Nyimbo imene yalowa m'kamwa mwa ana a mudzi wonse ungaiponye kuti? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

* * *

A Esinala anafika dzuwa lili paliwombo, opanda dengu, mpango uli m'manja. Sanamukokere kuseri kwa nkhokwe ulendo uno. Analankhula pakhonde pomwepo, mawu akuduka.

Nyimbo inali itafika kumsika wa Bangula, ndipo wina wakumtunda anaimva n'kufunsa kumene yachokera. Anthu anati kwa Geresomo. Tsono wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Geresomo, poona kuti moto wayambira padenga lake, anathamanga yekha kukapereka kaseti, n'kunena kuti anailanda pamlatho ndipo ankafufuza kaye eni ake. Anthu a galimoto yopanda chizindikiro aja anamutenga Elisha m'mawa, kunyumba kwa mlongo wake. Tsopano akufuna mkazi woimbayo, ndipo galimoto yawoloka kale mlatho.

Jesinta sanalire. Anayenda mpaka pansi pa mtengo wa masau, n'kugwada pafupi ndi mkeka. Anati, "Baba," ndipo zonse zinatuluka mosakonzeka: mawailesi awiri, dengu la milamba, mzere uja, bango, chifukwa chimene anavomerera Geresomo. Anapepesa powatchula nkhalamba. Anadikira kuti dzanja ligwe.

A Sebastiano anachotsa chipewa kumaso. Maso awo sanali a munthu wochokera kutulo.

"Iwe ukuganiza kuti munthu angagone pa kutentha kuno?" anatero motsitsa. "Ine sindinagonepo ngakhale tsiku limodzi. Ndinkaphimba nkhope kuti uyambe. Mawu akowo ndi a mayi ako, a Rosa. Chimwalirireni iwo, ndinkawamva masana okhaokha."

Jesinta anagwira pakamwa. Bambo akewo anati mzere uja anaumva tsiku lomwelo, ndipo anaseka m'chipewa mpaka kutsokomola. Sanaganizepo za Chichewa cha akumtunda. Anati akanadziwa kuti akumugulitsa mwana wawo kwa munthu wogwira anzake pakhosi, mbale ija akanaikankha ndi phazi.

Kumsewu kunamveka galimoto ikuyenda pang'onopang'ono. Inaima pafupi ndi ana amene ankasewera pamchenga. Munthu wa magalasi akuda anatsika, n'kunjuta pakati pawo mwaubwenzi, ndipo posakhalitsa anawo anayamba kumuimbira, akuomba m'manja, akunyadira kuti mlendo waikonda nyimbo yawo. Kenaka tizala tingapo tinaloza kunyumba ya a Sebastiano.

Galimoto itayandikira, Jesinta anaona kumbuyo kwake khosi la gitala litatsamira zenera, kansalu kofiira kakulendewera. Pambali pake panali mutu woweramitsidwa. Mantha amene anamugwira anali oti sakanatha kuthawa ngakhale akanafuna. Anadzuka kuti apite yekha akanene kuti woimbayo ndi iye, koma bambo ake anamugwira pamkono mwamphamvu imene sankaidziwa.

"Lowa m'nyumba ndi mayi ako aang'ono. Nkhalamba imene akuifunayo ndine. Akaiona ndi maso, mwina amusiya mwana wa eni ake. Ndikalonga nawo."

"Baba, liwu limenelo ayi. Nenani kuti mukufuna kulankhula nawo. Kulankhula, Baba."

Anagwedeza mutu kuti amva. Anavala jekete lawo la kutchalitchi pamwamba pa malaya ong'ambika, n'kuyenda kupita kuchipata, akubwereza liwulo pansipansi ngati mwana wotumidwa kusitolo. A Esinala anamukokera Jesinta m'nyumba, koma iye anakakamira pazenera lomwe lija. Ndipo ankadziwa chinthu chimodzi chimene a Esinala nawonso ankachidziwa: a Sebastiano akachita mantha Chichewa chimawathawa, amatsala ndi chilankhulo cha mayi awo, Chisena.

Munthu wa magalasi uja anatsika, mnzake n'kutsika mbali inayo. Elisha anadzutsa mutu. A Sebastiano anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa ndi manja awiri, n'kuwerama mwaulemu wonse. Pakamwa panatseguka, panatsekeka, panatsegukanso.

"Mabwana," anatero mokweza kuti amveke bwino, "nkhalamba ndine pano. Ndabwera kudzalonga."